Munda wa a Hulusi Unasamuka ndi Manda Omwe

Alamu anga a Hulusi anabadwira m'munda, mwezi wokolola, mayi awo ali ndi kadengu m'chiuno. Kuno kumapiri a pamwamba pa tauni ya Giresun imeneyo si nkhani, chifukwa mimba siidziwa kuti anthu atanganidwa. Zina zonse zimadikira findiki, mtedza wathu wa m'mitengowu. Ukwati umadikira mtedza, mdulidwe wa ana aamuna umadikira mtedza. Denga likamadontha timatchera beseni n'kunena kuti tidzaona mtedza ukauma, ndipo wodwala dzino amamanga kansalu kuchibwano mpaka thumba lomaliza litasokedwa. Imfa yokha ndiyo ilibe ulemu umenewu, ngakhale ndikudziwa akuluakulu angapo amene analimbana nayo mpaka anaona mtedza wawo utayanikidwa pabwalo.

A Hulusi ndi munthu wofuna kuti chinthu chizikhala pamene anachisiya. Chikwanje chili ndi msomali wake, nsapato za mphira zili ndi ngodya yake, ndipo kumzikiti amakhala pamalo amodzimodzi chiyambire ali mnyamata, moti kapeti ya pamenepo inatengera mawondo awo. Chinthu chikasuntha, mutu wawo umaima. Amavula chipewa, n'kusuzumiramo ngati yankho lili m'menemo, kenako n'kufunsa funso lawo lija limene ngakhale ana amaliyeserera: "Ndiye kuti bwanji?" Paunyamata anapitako ku Istanbul kukagwira ntchito yomanga nyumba, monga ankachitira anzawo onse. Anakhalako nyengo yachisanu imodzi basi. Pobwera anati sangakhale kumalo kumene munthu amati nyumba ndi yake pamene pansi pake si dothi koma denga la mnzake. Kuyambira pamenepo sanafunenso kugona kunja kwa mudzi uno.

Munda wawo unali pamalo otsetsereka, monga minda yonse ya kuno, pothyola mwendo wina uli pamwamba wina pansi. Agogo awo ndiwo anagwetsa nkhalango n'kubzalapo mtedza, nthawi imene matumba ankatsikira kudoko pamsana pa abulu ndi pa akazi, n'kukakwera zombo zopita kumayiko amene wa m'mudzi muno sanawaonepo. Timabzala m'matsinde, mitengo ingapo yozungulira pamodzi. Mtengo ukakalamba timaudula, mphukira n'kulowa m'malo mwake, choncho tsinde limene wabzala lero adzathyolamo ndi zidzukulu zako. A Hulusi amadziwa mbiri ya tsinde lililonse kuposa mmene amadziwira mayina a ana a abale awo. Mtedza wawo amamva kuti umakasanduka chokoleti kunja uko, koma iwo chokoleti sadya, amati chimawononga kukoma kwa mtedza.

Achemwali anga a Makbule anakwatiwa kumeneko ine ndili kamtsikana, ndipo nditakula ndinawatsatira, n'kukwatiwa tsidya lina la khwawa lomwelo. Apongozi awo anawapatsa matsinde a kumunsi kwa munda, cha kumalire, kuti akhale awoawo. Mtengwa aliyense amapatsidwa otero, ndipo mtedza wa pamenepo mwamuna safunsa kumene wapita.

Vuto linali lakuti ife kwathu ndi kugombe, kumene mtedza ukagwa umakhala pomwe wagwerapo. Kuno umagubuduka. Ndipo ukadutsa malire, mwini wake ndi wa munda wakumunsi, ngakhale mwana amadziwa. Achemwali sankadziwa. Chaka chawo choyamba anaona mtedza wawo ukuthawira kumunsi, iwo n'kuulondola, kudumpha kamzere ka miyala, n'kuyamba kutolera m'kadengu akuimba. Munda wakumunsiwo unali wa bambo ake a Sabri, ndipo a Sabri nthawi imeneyo anali mnyamata wapakamwa potentha. Anawatcha wakuba anthu onse okolola akumva.

Lachisanu lotsatira, pakhomo pa mzikiti, a Hulusi anatenga buledi m'manja n'kulumbira kuti phazi lawo likadzaponda m'munda wa a Sabri, buledi ameneyo adzawakanthe. A Sabri, posafuna kugonja, anatsomphola buledi yemweyo n'kulumbira kuti dzanja lawo likadzakhudza mtedza wa a Hulusi, lidzaume. Analumbira asanaganize, chifukwa mtedza wa a Hulusi unapitiriza kugubudukira kwa iwo chaka ndi chaka, ndipo kwa zaka zoposa makumi anayi unkangowolera pamalirepo. Agologolo ndi nguluwe za mbali imeneyo zinanenepa. Achemwali iwo anaiwala nkhaniyo kalekale, ankapatsana moni ndi akazi a Sabri ndi kubwerekana sefa. Amuna awiriwo ndiwo ankadutsana ngati saonana. Ine ndinkawauza onse awiri kuti ndi zitsiru, ndipo ankagwirizana nane pa theka la nkhaniyo.

Achemwali atatisiya, tinawaika pakati pa matsinde awo aja. Kuno akufa sapita kutali. Timawaika m'munda momwemo, kuti pokolola tiziwapatsa moni, nawonso azimva amene akuchita ulesi. Anali atanena okha ali pamphasa kuti asadzawatengere kwina. A Hulusi anasiya malo pambali pa mandawo, kumtunda kwake, n'kuika mwala pangodya iliyonse. Ankawatcha "malo anga". Ankapalirapo, kuzula kaudzu kalikonse, ndipo m'mawa uliwonse ankatsika ndi katambula ka tiyi n'kukhala pamenepo kuwafotokozera achemwali za nyengo, za mtengo wa feteleza ndi za mwana wawo Ercan wa ku Jeremani amene saimba foni. Munthu amene moyo wake wonse ankadabwa ndi chilichonse, chinthu chimodzi ankachidziwa bwinobwino, ndicho pamene adzagone.

Kenako kunabwera mvula ya Juni ija. Inagwa osapuma mpaka makoma a nyumba anayamba kutuluka thukuta. Lachisanu masana, amuna ali kumzikiti, ine ndinali pakhonde ndikusadzula nyemba. Ndinamva phokoso ngati lole ikukhuthula miyala. Nditadzutsa mutu ndinaona mitengo ya tsidya lija ikuyenda. Siinagwe ayi. Inali chiimire, masamba ali bwinobwino, ikutsika pang'onopang'ono ndi dothi lake lomwe, ndipo pakati pake mwala woyera wa pamanda a achemwali ukutsika nawo. Ndinatikita m'maso. Pomwe ndinkayang'ananso, zonse zinali zitaima m'munda wa a Sabri, ndipo pamene panali munda wa alamu panatsala thanthwe lofiira likuchucha madzi. Nyemba zinali zitamwazikira pansi osadziwa kuti ndaimirira liti.

Ndinawoloka khwawa, n'kukapeza a Hulusi akufika kumene kuchokera kumzikiti. Anaima kumapeto kwa kanjira ka kuseri kwa nyumba, pamene kale panali polowera m'munda, n'kuyang'ana. Kenako anatembenuka, kubwerera kumsewu, n'kuyambiranso kuyenda kuchokera kumeneko, ngati munthu amene walakwitsa njira. Anafikanso pomwepo.

"Mlamu," anatero, "munda wanga wauona?"

"Uli apo, alamu."

"Apo ndi kwa Sabri."

"Eya."

"Nanga Makbule?"

"Ali pomwepo. Mwala wawo suwo ukuoneka m'masambamo."

Anavula chipewa n'kusuzumiramo nthawi yaitali. "Ndiye kuti bwanji?"

Palibe amene anafa, palibe nyumba imene inagwa, choncho akuluakulu a boma anabwera, kuyang'ana, kumanga chingwe chofiira n'kutiuza kuti pasapezeke wopondapo mpaka dothi litauma. Sanafunikire kutiuza. Dothilo linali lofewa, long'ambikang'ambika, ndipo ngakhale agalu ankalizungulira. Matsinde ambiri a a Sabri, amene anabzala bambo awo, anali atakwiririka pansi pake.

A Hulusi anayamba kuyendayenda ndi funso lawo. Anayambira kwa shehe wathu, mnyamata waulemu wochokera kuchigwa kopanda mapiri, amene anali asanamvepo kuti munda ungayende. Ndinawaperekeza, chifukwa ndinkaopa kuti angagwere m'khwawa akuganiza.

"Dothi lija ndi langa," anatero a Hulusi. "Ndinalithira manyowa ndekha. Koma lili kwa Sabri. Ndikapondapo, ndaponda langa kapena lake?"

Shehe anakanda ndevu. "Bambo, m'mabuku amene ndinawerenga mulibe zimenezo."

"Chinanso, mwala uja watembenuka. Ndikuuona kuchokera pamwamba. Mkazi wanga tinamugoneka akuyang'ana ku Maka, tsopano akuyang'ana kotulukira dzuwa."

"Amene wawatembenuza ndi Mwini wake, bambo. Sindikuganiza kuti angawaimbe mlandu pa zomwe wachita Iye mwini." Kenako shehe anawala nkhope, poganiza kuti wapeza njira. "Koma za lumbirolo musavutike. Lumbiro limamasulidwa. Mudyetse osauka khumi, basi latha, mukaponde paliponse."

"Osauka khumi?"

"Khumi."

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuzungulira njira yaitali yopita kuchigayo chifukwa cha mphika umodzi wa mpunga?"

"Tingatero, bambo."

A Hulusi anadzuka. Panjira anandiuza kuti mnyamatayo ndi wabwino koma akadali mwana, sadziwa kuti mawu a munthu sagulidwa ndi mpunga. Ndinafuna kuwamenya ndi ambulera.

Kenako kunabwera woyeza malo wa kutauni ndi makina ake a miyendo itatu. Anasuzumira uku ndi uku, n'kunena mosangalala kuti nkhaniyo ndi yosavuta.

"Malire sasuntha, bambo. Munda wanu uli pomwe unali."

"Pati?"

Analoza thanthwe lija.

"Pamwalapo?"

"Pomwepo. Onsewo ndi malo anu, palibe angakulandeni."

"Nanga mitengo yanga?"

"Ili m'munda wa a Sabri."

"Ndiye ndi ya Sabri?"

"Zimenezo mukafunse kukhoti, ine ndimangoyeza."

"Nanga mkazi wanga ndi wa ndani?"

Woyeza malo uja anayamba kupinda miyendo ya makina ake, n'kunena kuti ali ndi mudzi wina woti apiteko dzuwa lisanapendeke.

Kutiyirumu amuna anagawikana pawiri. Ena ankati mtengo ndi wa wobzala, ena ankati chilichonse chogubudukira kumunsi ndi cha wakumunsi, kaya ndi kamtedza kamodzi kaya ndi munda wathunthu. Wina anati a Hulusi alipire matsinde okwiririka aja, mnzake n'kumufunsa ngati a Hulusi ndiwo anagwetsa mvula. Anakangana mpaka awiri ena anasiya kulankhulana, pa munda umene sunali wawo.

Ercan anaimba foni tsopano. Anati nkhaniyo isawavute, amayi awafukule akawaike kumanda a kutauni, kumene kuli mipanda ndi misewu, ndipo bambo apite akakhale m'nyumba yosanja imene iye anagula kugombe. Ana a Sabri nawo anali atalankhula kale ndi mwini chimakina chokumba, kuti kukolola kukangotha adzasalaze chidothi chonsecho abzalepo mwatsopano. Aliyense ankati mafupa achotsedwe mwaulemu, ndipo aliyense ankaganiza kuti akuwathandiza.

"Makbule anati asamutengere kwina," a Hulusi anandiuza. "Ndiye wadzitengera yekha. Tsopano ndimve ziti, zimene ananena kapena zimene wachita?"

"Alamu, achemwali sanachite kanthu. Ndi phiri."

"Malo anga apita naye limodzi. Akamuchotsa, ine ndidzagona pati? Kutauni amaika anthu pamzere monga mwa tsiku lofera. Pambali pake adzaikapo munthu wosamudziwa."

Apa ndiye ndinasiya kuwaseka. M'mawa uliwonse ndinkawaona kuchokera pakhonde panga atakhala pamphepete pa thanthwe, katambula ka tiyi kali m'manja, akuyang'ana kumunsi kumene nsonga ya mwala inkaoneka m'masamba. Kale ankalankhula ndi achemwali monong'ona. Tsopano kuti amveke ankayenera kukuwa, ndipo kukuwa kukanamveka kwa a Sabri, choncho ankangokhala chete mpaka tiyi atazizira. Zinkandimvetsa chisoni, komanso zinkandikwiyitsa.

Ogasiti anafika, mudzi unadzaza. Magalimoto a ana athu a ku Jeremani ndi ku Istanbul anatseka msewu, ana awo akulira ndi zitedze za m'munda, ndipo paliponse pamene pali posalala panayanikidwa mtedza, ngakhale pabwalo la sukulu. Matsinde ochepa amene anatsala kuseri kwa nyumba a Hulusi anawathyola m'mawa umodzi. Koma mitengo yosamuka ija inabereka ngati ikuchita dala, nthambi mpaka kugunda pansi. Antchito a a Sabri ankaizungulira. A Hulusi sakanatsika. Mtedza unakhwima, unayamba kuyoyoka wokha, ndipo kwa ife kuona mtedza ukugwa popanda wotola zili ngati kumva khanda likulira m'nyumba yokhoma. Akazi podutsa ankayang'ana kumbali.

Tsiku lina ndinavala mpango n'kupita kwa a Sabri. Ndinawapeza pabwalo akutembenuza mtedza ndi chipalo chamtengo. Akazi awo nawonso anatisiya kale, ndipo iwo anafota, anatsala mphuno ndi makani.

"Wabwera kudzanditukwana, Nazire? Khala pansi kaye, utukwane utakhala."

"A Sabri, mtedza ukuwola."

"Si wanga."

"Alamu akuti uli m'munda mwanu."

"Ndiye ndichite chiyani, ndiutole ndi mano? Achemwali ako alowa m'munda mwanga ndi mitengo yawo yomwe, osaodira n'komwe. Matsinde a bambo anga ali pansi pawo. Ine ndikadandaule kwa ndani? Aliyense akumvera chisoni Hulusi. Ine ndataya munda, ndapeza manda, ndipo palibe wabwera kudzandifunsa ngati ndagona."

Zinali zoona, inenso ndinali ndisanaganizepo.

"Nanga chimakina chija?"

"Akuchifuna ndi ana. Ine sindikudziwa chimene ndikufuna." Anatembenuza mtedza kangapo osandiyang'ana. "Ukawauze alamu akowo kuti mawa ndisoka thumba lomaliza. Mkuja munda ndi wa okunkha."

Mwini munda akasoka thumba lomaliza, mundawo umakhala wopanda mwini mpaka masamba atagwa. Ana, amasiye ndi osauka amalowamo ndi timadengu n'kutola zotsalira, ndipo palibe amawafunsa kuti ndinu ndani. Ndi mmene ana a kuno amapezera nsapato za kusukulu. Koma mwamuna amene ali ndi munda wake sakunkha. Angalole kudya msuzi wa kabichi wopanda mafuta chaka chonse kusiyana n'kuoneka atawerama m'munda wa mnzake.

Ndinawapeza alamu akunola chikwanje chimene chinalibe choti chidule.

"Akuti mkuja munda ndi wa okunkha," ndinatero.

"Ndiye ine ndi chiyani?"

"Munda wa okunkha uli ndi mwini?"

Anaganiza. "Ulibe."

"Ndiye si wa a Sabri."

"Koma ndi wa Sabri."

"Mkuja si wawo."

"Ndiye phazi langa likaponda, laponda mwa ndani?"

"Mwa Mulungu, alamu. Kapena munalumbiranso za munda wa Mulungu?"

Anavula chipewa. "Wanena yekha Sabri zimenezi?"

"Ndi pakamwa pawo."

"Akufuna andiseke."

"Mwina. Inu sankhani, akusekeni kapena achemwali anyamulidwe ndi chimakina musanawaone."

Tsikulo litafika anabwera kunyumba kwanga kudzabwereka kadengu, chifukwa wokunkha salowa m'munda chimanjamanja. Anakamanga m'chiuno, pamwamba pa jekete yawo ya kumzikiti. Kuchokera kumtunda kunalibe njira, choncho tinayenera kudutsa pakati pa mudzi, pamaso pa tiyirumu, n'kukalowera kumunsi. Amuna anali panja, ndipo anasiya makhadi.

"A Hulusi, kadenguko kakukhalani. Mukufuna nsapato za kusukulu?"

"Zokunkha ndi za amasiye, akulu. Mwasanduka wamasiye liti?"

A Hulusi anaima n'kumuyang'ana wofunsayo modabwa kwenikweni. "Iwe sunalipo pamaliro?"

Palibe anasekanso. Tinapitirira.

Pakamzere ka miyala ka kumunsi kwa munda wa a Sabri anaima nthawi yaitali, mwendo uli m'mwamba ngati tambala. Kenako anauponda pansi, n'kudikira. Palibe chinawakantha. Anandiyang'ana ngati akufuna kudandaula kuti zaphweka mopitirira, koma ine ndinali nditadutsa kale, chifukwa mtima wanga unali kwa achemwali.

Tinakwera pakati pa matsinde othyoledwa kale mpaka pamene chidothi chija chinaima. Mandawo anali pamphepete penipeni. Mwala unali utapendekeka pang'ono, koma mtumbira unali wathunthu, ngakhale maluwa amene ndinabzalapo anali moyo. Mtedza unali mbwee paliponse, ukuphwanyika kumapazi. Ndinagwada n'kuyamba kupemphera, misozi ikutsika, ndipo ndinatenga nthawi kuti ndizindikire kuti alamu sali pambali panga.

Anali akuzungulirazungulira kumtunda kwa manda. Pamene panayenera kukhala malo awo aja panali chimwala chachikulu ngati ng'ombe yogona, chitakanirira m'mng'alu, mizu yothyoka itachizinga. Dothi la pamenepo linali litamezedwa. Anafukula ndi manja m'mbali mwa chimwalacho n'kupeza mwala umodzi wa pangodya, n'kuunyamula, n'kumayang'ana poti auike.

"Anali apa," anatero. "Kuchokera pamutu pake ndinkatambasula mkono, n'kukhala apa. Mlamu, ukuwaona?"

"Palibe, alamu."

"Kumtunda kuja kulibe. Ndayang'ana tsiku lililonse. Ndimati atsika naye."

"Sanafike."

"Ndiye iye wafika, mitengo yafika, ngakhale maluwa ako afika." Anakhala pansi, mwala uli pamiyendo, kadengu kopanda kanthu kali m'chiuno. Funso lawo lija sanafunse, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa china chilichonse chimene ndinaona chaka chimenecho.

Mbali inayo ya manda, kumunsi, dothi losamuka linathera pomwepo. Kungotambasula mkono unali wakhudza nthaka yakale ya a Sabri, ndipo pamenepo panali tsinde lalikulu, la mitengo yonenepa, limodzi mwa ochepa a bambo awo amene phiri linawasiya. Kuseri kwa tsindelo kunamveka kutsokomola. A Sabri anatulukira, chikwanje chili m'manja. Kaya anali ataima pamenepo kuyambira liti.

"Wabwera kudzakunkha kapena kudzakhala?" anatero. "Kadenguko kalibe kanthu."

Amenewo anali mawu awo oyamba kwa a Hulusi chichokere tsiku la buledi lija. A Hulusi anayang'ana kumbuyo kaye, kuti aone ngati akulankhula ndi wina.

"Chimakina chibwera liti?" anafunsa.

"Sichibwera."

"Ana ako akuti chibwera."

"Ana anga adzalamula ndikadzafa. Mkazi wakoyu ndinamuthamangitsa kamodzi m'munda muno, wabweranso, ndipo ulendo uno wabwera ndi katundu. Munthu wamakani chotere ungamutani? Akhale."

A Hulusi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza kuti athokoza, koma iwo ankangosisita mwala uja. Munthu ameneyu chibadwire sanapemphepo kanthu kwa wina, ngakhale moto, ndipo ndinaona kuti sakudziwa poyambira.

"Nanga ine?" anatero pomaliza.

"Iwe chiyani?"

"Ine ndidzagona pati?"

A Sabri anayang'ana chimwala chija, anayang'ana manda, kenako anayang'ana tsinde lawo. Ndikukhulupirira kuti anali atayeza kale zonsezi ndi maso masiku onse amene ankakolola pamenepo, chifukwa sanachedwe. Analavulira m'manja n'kutema mtengo woyamba.

"A Sabri, limenelo ndi la bambo anu," ndinatero.

"Ndikulidziwa kuposa iwe. Khala chete, uzikokera nthambizo uko."

Kuno tsinde lobereka silidulidwa lonse, ngakhale pomanga nyumba timalizungulira. Ndinakoka nthambizo. A Sabri ankatema akupumira m'mwamba, akutukwana chikwanje, msana wawo, phiri ndi mvula, ndipo a Hulusi anaimirira n'kumangoyenda uku ndi uku, osadziwa ngati awaletse kapena awathandize. Mtengo womaliza utagwa panatsala zitsa zoyera ndi kamalo kowala dzuwa, pafupi penipeni ndi achemwali.

"Mizu udzazula wekha," anatero a Sabri akupukuta thukuta ndi chipewa. "Ine msana wandikana. Tagona apo ndione ngati ukwanapo, ndiwe wamtali ngati nsungwi. Sindikufuna kudzadula lina chifukwa cha mapazi ako."

A Hulusi anamasula kadengu n'kundipatsira. Anagwada movutikira, n'kugona chammbali pakati pa zitsa ndi mtumbira, jekete ya kumzikiti ili m'dothi. A Sabri anawazungulira, kuyang'ana kumutu, kuyang'ana kumapazi, n'kukankha nthambi imodzi ndi phazi.

"Wakwana."

"Sabri," anatero a Hulusi ali chigonere, "ndiye pano ndi pa ndani?"

"Sindikudziwa. Dzuka, sindinati lero."

Koma sanadzuke. Anatambasula mkono n'kuika chikhatho pamtumbira, ndipo ife awiri tinaima pamenepo n'kuwadikira.